Pa nthambi m'mawa, m'madzi usiku: njoka za m'madambo ndi kutentha kwa thupi

(NYIMBO YOTSEGULIRA. IKWERE, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOWULUTSA:  Yakwana nthawi ya pulogalamu yathu ya zachilengedwe, ndipo lero tikamba za nyama imene ena a inu simufuna n'kuitchula komwe kukada. Tikamba za njoka. Pepani agogo, musatseke wailesi. Si njoka zonse ayi, koma zija za m'madambo ndi m'zithaphwi, zimene moyo wake wonse uli pakati pa madzi ndi mtunda.

Abambo amene mumatchera miono ndi amayi amene mumathirira ndiwo kudimba, izi mwaziona ndi maso anu. M'mwezi wa Juni, dzuwa likangokwera pang'ono, njoka mumaipeza itadziyala pa bango logwa kapena pa nthambi yolendewera pamwamba pa madzi, ili phee, osafuna n'kusuntha komwe. Mubwere pamalo omwewo masana a mu Okutobala, simuipeza. Ena amati yasamuka. Kawirikawiri siinapite kutali. Ili pomwepo, pansi pa udzu kapena m'madzi, ndipo chimene chaichotsa pa nthambi ndi chomwecho chimene chinaikweza pa nthambipo mu Juni: kutentha kwa thupi lake.

(PHOKOSO LA ACHULE NDI MADZI, PANSIPANSI)

WOWULUTSA: Tiyambire pa ife eni. Mukapita kuchipatala nesi n'kukuyezani, thupi la munthu wabwinobwino limakhala pafupifupi madigiri 37. Kukhale chisanu cha ku Dedza, kukhale ng'amba ya ku Nsanje, nambala imeneyi siisuntha kwenikweni, ndipo ikasuntha timati munthu wadwala. Chifukwa chake n'chakuti ife tili ndi mbaula m'kati mwathu, ndipo makala ake ndi chakudya. Gawo lalikulu la mphamvu imene timapeza mu nsima limathera pofunditsa thupi. N'chifukwa chake timamva njala katatu patsiku.

Njoka ilibe mbaula imeneyi. Thupi lake limapanga kutentha kochepa kwambiri, kosakwanira kulifunditsa, choncho imadalira dzuwa, nthaka, miyala ndi madzi. Pamenepa pali phindu. Njoka imagwiritsa ntchito pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu imene nyama yoyamwitsa ya msinkhu womwewo imafuna, mwinanso kuchepera apo. Ikameza chule mmodzi wonenepa, ikhoza kukhala masiku ambiri osadyanso, pomwe khoswe wolemera chimodzimodzi ayenera kufunafuna chakudya usiku uliwonse.

Koma pali mtengo wake wolipira. Chilichonse chimene njoka imachita chimayendera kutentha kwa thupi. Ikazizidwa imakwawa pang'onopang'ono, imachedwa kutulutsa lilime limene imanunkhizira nalo, imaphonya ikamadumphira chule, ndiponso imalephera kuthawa kakowa kapena ng'azi. Choopsa kwambiri chili m'mimba. Njoka imameza chakudya chathunthu, mafupa ndi khungu lomwe, ndipo madzi a m'mimba ogaya chakudyacho amagwira bwino ntchito thupi likafunda. Ikameza nsomba kenako n'kuzizidwa kwa masiku, nsombayo imayamba kuola isanagayike, ndipo njokayo imailavula. Ndiye mukaona njoka yotupa pakati itagona padzuwa, dziwani kuti ili pa ntchito, ikugaya.

Mbali inayo nayo ili ndi malire. Thupi la njoka zambiri likapitirira madigiri 40, imfa ili pafupi. Njoka siituluka thukuta. Ikapsa, ilibe njira ina koma kuchoka pamalopo.

Kale akatswiri ambiri ankaganiza kuti nyama zokwawa zimangolandira kutentha kulikonse kumene kuli pamalo pamene zili, ngati mmene umachitira mwala. M'chaka cha 1944, a Raymond Cowles ndi a Charles Bogert, atafufuza abuluzi ndi njoka za m'chipululu ku America, anasonyeza kuti sizili choncho. Nyamazi zimasankha. Zimapita padzuwa, zimabwerera mumthunzi, zimalowa kuuna, zimatulukanso, ndipo potero thupi lawo limakhala pa mlingo umene zimaufuna kwa maola ambiri. Ntchito imene ife timaichita ndi chakudya, njoka imaichita posinthasintha malo.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOWULUTSA: Tsono njoka ya m'madzi ili ndi vuto lakelake, loposa la njoka ya kumtunda. Chakudya chake chili m'madzi, koma madzi amalanda kutentha msanga. Amachotsa kutentha pathupi mofulumira pafupifupi maulendo 25 kuposa mpweya. Ife tomwe, ndi mbaula yathu ija, tikakhalitsa m'madzi timatuluka mano akugundana. Nanga kanjoka kowonda ngati chala? Kakaothera dzuwa kwa ola lathunthu n'kulowa m'madzi, m'timphindi tochepa thupi lake limafanana ndi madziwo. Choncho m'nyengo yozizira, ulendo uliwonse wokasaka umadya kutentha kumene njokayo inasonkhanitsa pa nthambi. Imasaka, imazizidwa, imakwera, imaothera, imatsikanso.

Koma madzi omwewo ali ndi khalidwe lina. Amachedwa kufunda, amachedwanso kuzizira. Amene mumatunga madzi mbandakucha mukudziwa kuti nthawi zina madzi a padziwe amakhala ofundirako kuposa mphepo imene ikukuombani. Masana dzuwa lili paliwombo, madziwo ndiye malo ozizirirako. Ndiye kuti chinthu chimodzi chomwecho, madzi, chimakhala chofunda cha njoka usiku ndi pothawira dzuwa masana.

Onjezani pamenepo zina zonse zimene zili m'dambo. Madzi osaya a m'mphepete amafunda msanga kuposa akuya. Pamwamba pa zomera zoyandama pamatentha, pomwe pansi pake m'pozizira. Chipika chakuda chimagwira dzuwa kuposa udzu wouma. Matope onyowa a pansi pa bango sasintha kwenikweni usana ndi usiku. Kwa inu ndi ine dambo ndi malo amodzi. Kwa njoka, pa mtunda wa mamita awiri okha pakhoza kukhala kusiyana kwa madigiri khumi kapena kuposa, ndipo tsiku lake lonse limatha ikuyenda pakati pa malo amenewa.

(PHOKOSO LA NKHAFI IKUPALASA MADZI)

WOWULUTSA: Kuti timve bwino nkhaniyi tiyenera kuoloka nyanja, chifukwa njoka za m'madzi zimene zafufuzidwa kwambiri zili ku America. Tipite m'chigawo cha Louisiana, kumene mtsinje wa Mississippi umathira m'nyanja ya mchere. Dziko la kumeneko ndi lathyathyathya, lodzaza madambo, timitsinje toyenda mwaulesi timene eni ake amatitcha bayou, ndi mitengo ya cypress imene imakula tsinde lake lili m'madzi.

M'zaka za m'ma 1970, akatswiri awiri a pa Louisiana State University, a Henry Mushinsky ndi a James Hebrard, anayamba kufufuza dambo lina la ku Ascension Parish, pafupi ndi mzinda wa Baton Rouge. Ankapitako usana, ankapitakonso usiku, m'nyengo zosiyanasiyana za chaka. Akapeza njoka ankalemba pamene aipeza, kaya pa nthambi, kaya m'madzi, kaya pamtunda, ankalemba nthawi, ankaona chimene yadya, ndipo pambuyo pake anayamba kuyezanso kutentha kwa thupi lake, kwa mpweya ndi kwa madzi. Zotsatira zake anazisindikiza pakati pa 1977 ndi 1982.

Chimene chinkawaimitsa mutu ndi ichi: m'dambo limodzi lomwelo munali mitundu isanu ya njoka za m'madzi. Inayi inali ya banja lotchedwa Nerodia. Ina ili ndi mizere yolukana kumsana, ina ndi yobiriwira moderako, ina ili ndi mikwingwirima yopingasa, ina ndi ya mimba yachikasu. Wachisanu unali mtundu wowonderako wotchedwa Regina grahamii. Mitundu isanu, madzi amodzi. Zimatheka bwanji osalandana chakudya mpaka ina kutha?

Yankho loyamba linali m'mimba. Ya mizere yolukana ndi yobiriwira ija zimadya kwambiri nsomba. Ya mimba yachikasu ikakula imakonda achule. Ya mikwingwirima imayamba ndi tinsomba ili yaing'ono, kenako ikafika pafupifupi masentimita 50 imatembenukira kwa achule. Regina ndiye yosankha kwabasi. Imadya tinyama ta m'gulu la nkhanu totchedwa crayfish, ndipo imafuna timene tangofundula kumene, chigoba chikadali chofewa.

Yankho lachiwiri, limene lili pamtima pa nkhani yathu lero, linali la malo ndi nthawi. Kumbukirani kuti nyengo za kumeneko n'zotembenuka poyerekeza ndi zathu: kumazizira mu Disembala ndi Januwale, kumayamba kufunda mu Malichi ndi Epulo, ndipo Julayi ndi Ogasiti ndiyo miyezi yotentha kwambiri. Kukamayamba kufunda, madzi amakhala akadali ndi chisanu cha miyezi yapitayo, pomwe mpweya ndi dzuwa zafunda kale. Nthawi imeneyo njoka zimapezeka masana, zambiri zili pa nthambi ndi pa tchire la m'mphepete mwa madzi. Chilimwe chikafika pachimake, zinthu zimatembenuka. Madzi afunda, masana kunja kukuotcha, ndipo njoka zambiri zimasiya nthambi, zimakhalitsa m'madzi, n'kuyamba kuyenda usiku.

Taganizani mmene zimenezi zimaipindulira njoka. Usiku wa m'chilimwe, madzi a m'dambo amakhala pafupi ndi mlingo umene thupi lake limaufuna. Ikhoza kusaka usiku wonse osasowa kukwera kukaothera. Ndi nthawi yomweyonso imene achule amatuluka n'kumaimba, tinsomba tili phee m'madzi osaya, ndipo mbalame zambiri zodya njoka zagona. Vuto lija la kusankha pakati pa kudya ndi kufunda limatha kwa miyezi ingapo.

Ndipo mitundu isanu ija siisintha tsiku limodzi, kapena mofanana. Ina imakonda kukwera mitengo kuposa inzake, ina imakhala kumadzi otambalala, ina m'ngalande ndi m'mphepete, ina imachuluka kumayambiriro kwa chaka, ina pakati pa chilimwe. Anthu ena pofotokoza zimenezi amati njokazi zinagawana dambo, ngati kuti zinakhala pansi n'kupangana. Ine mawu amenewo ndimaona kuti akukometsera. Palibe njoka imene imasiyira inzake malo. Iliyonse imatsata chakudya chimene imatha kugwira ndi kutentha kumene thupi lake limagwira nako bwino ntchito, ndipo popeza matupi awo ndi osiyana, sizikumana kawirikawiri pa nthambi imodzi, pa ola limodzi, zikufuna chule mmodzi.

Ndingotchulako pang'ono kuti njoka za Nerodia zilibe ululu. N'zaukali ndithu, ukazigwira zimaluma ndi kutulutsa fungo loipa, koma sizipha munthu. Tsoka lake n'lakuti m'madambo omwewo muli njoka ina ya ululu yotchedwa cottonmouth, imene ikaopsedwa imayasamula kukamwa koyera ngati thonje. Anthu ambiri sasiyanitsa, ndipo Nerodia zochuluka zimafera mlandu wa mnzawo.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOWULUTSA: Mwina mwana wasukulu amene akumvera akufunsa kuti, kodi munthu amadziwa bwanji kutentha kumene njoka imakufuna, poti njoka siiyankhula? Funso labwino. Tikwere kumpoto, ku Canada, m'chigawo cha Ontario, kumene a Gregory Brown ndi a Patrick Weatherhead anafufuza mtundu wina wa banja lomweli, Nerodia sipedon, n'kusindikiza zimene anapeza m'chaka cha 2000.

Njira yake ili patatu. Choyamba, njoka amaiika m'bokosi lalitali, mbali ina yotentha, mbali ina yozizira, n'kuisiya kuti isankhe yokha pogona. Apa m'pamene amadziwira chimene njokayo imafuna pakakhala palibe choilepheretsa, ndipo kwa njoka za ku Ontario anapeza kuti ndi pakati pa madigiri 25 ndi 30. Chachiwiri, amapanga opaleshoni yaing'ono n'kuika m'thupi mwa njoka kachipangizo kotumiza uthenga pa mafunde a wailesi. Kachipangizoka kamalira mofulumira thupi likafunda, pang'onopang'ono likazizira, choncho wofufuza amadziwa pamene njoka ili ndi kutentha kwake osaisokoneza. Chachitatu, ndipo ichi chimandisangalatsa, akatswiri a ntchitoyi amadula mapaipi a kopa, kuwapaka utoto wofanana ndi khungu la njoka, n'kuwaika padzuwa, mumthunzi ndi m'madzi. Paipiyo ndi njoka yosaganiza, yongolandira chilichonse. Ukayerekeza kutentha kwa paipi ndi kwa njoka yamoyo, kusiyana kwake kumakuuza ntchito imene njokayo yagwira posankha malo.

Chimene chinaonekera bwino ndi nkhani ya njoka zazikazi. Njoka za Nerodia siziikira mazira. Zimasunga ana m'mimba n'kuswa ana amoyo kumapeto kwa chilimwe. Njoka yoyembekezera imasamala kwambiri za kutentha kuposa yaimuna kapena yaikazi yopanda bere, ndipo imasunga thupi lake lofundirapo, makamaka bere likamakula. Chifukwa chake n'chomveka. Ana m'mimba amakula msanga pofunda. Ku Canada chilimwe n'chachifupi, ndipo mwana wobadwa mochedwa amapeza chisanu chafika asanadye mokwanira ndiponso asanapeze kobisala. Choncho mayi amakhalitsa padzuwa, ngakhale kuti pamenepo m'poonekera kwa adani, ndipo ola lililonse la pa nthambi ndi ola losasaka chakudya.

Nkhani ya amayi imeneyi ili ndi inzake kwathu kuno kum'mwera kwa Africa, ndipo ndi ya nsato, njoka imene nayo imakonda m'mbali mwa mitsinje ndi madambo. A Graham Alexander a pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg anatsata nsato kwa zaka zingapo m'nkhalango ya Dinokeng, kumpoto kwa Pretoria, ndipo anafalitsa zotsatira mu 2018. Nsato yaikazi ikaikira mazira kuuna, khungu lake limada mpaka kukhala ngati lakuda, kuti ligwire dzuwa msanga. Imatuluka, imaothera pakhomo pa unawo mpaka thupi kufika pafupi ndi madigiri 40, pamene patsala pang'ono kuti ife ndi kutentha, kenako imalowa n'kudzikulunga pa mazira kuwapatsa kutenthako. Nthawi yonseyi siidya, ndipo imatha kutaya pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse a kulemera kwake. Mazira akaswa, imakhala ndi anawo pafupifupi sabata ziwiri, kuwafunditsa usiku.

Ngakhale njoka imene yabisala, imene simukuiona, nayonso yasankha. M'mbali mwa nyanja ya Eagle Lake ku California, a Raymond Huey ndi anzawo anaona mu 1989 kuti njoka zina zachibale ndi Nerodia zimakonda kubisala pansi pa miyala yochindikala masentimita pafupifupi 20 mpaka 30. Mwala wopyapyala umaotcha masana n'kuzizira usiku. Mwala waukulu kwambiri sufunda n'komwe kunsi kwake. Wapakati ndiwo umasunga kutentha kokwanira usana ndi usiku.

(PHOKOSO LA ACHULE LIKWERE, KENAKO LITSIKE)

WOWULUTSA: Nanga m'madambo athu muli zotani? Zilimo ndithu, ndipo zambiri mwa njoka zenizeni za m'madzi za kuno n'zofatsa. Pali kanjoka kakang'ono koderako kamene akatswiri amakatcha Natriciteres olivacea, kamene ndi kachibale ka Nerodia za ku Louisiana zija. Kamadya tiachule, ana a achule ndi tinsomba, ndipo mdani akakagwira kumchira, mchirawo umaduka iko n'kuthawa. Pali njoka zobiriwira zowonda za banja la Philothamnus, zoyenda masana, zimene mumaziona zikuothera pa bango n'kudumphira m'madzi mukayandikira. Zilibe vuto kwa munthu, koma zimaphedwa tsiku ndi tsiku poziganizira kuti ndi mamba. Palinso za banja la Lycodonomorphus, zosalala, zoyenda kwambiri usiku, zimene zimagwira achule ndi nsomba pozikulunga. Mtundu wina wa banja limeneli, umene a Arthur Loveridge anaulemba m'mabuku a sayansi mu 1953, unapatsidwa dzina la Mulanje chifukwa ndiko unapezeka. Izi zimaikira mazira, mosiyana ndi za ku America zija, choncho kwa izo pamene mayi waikira mazira ndi pamene pamatsimikiza kutentha kumene ana akulire.

Malamulo a kutentha ndi omwewo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mwera ukamaomba kapena chiperoni chikakuta Thyolo ndi Mulanje, njoka zimayenda pang'ono, zimadya pang'ono, ndipo dzuwa likatuluka zimathamangira kukaothera. Mu Okutobala ndi Novembala muziona m'mamawa ndi madzulo. Mvula ikagwa achule n'kudzaza madambo, usiku wofunda ndiwo nthawi yake.

Pano ndiyenera kuchenjeza, kuopa kuti wina angamve molakwa. Sindikunena kuti njoka iliyonse ya kudambo ndi yofatsa. Mphiri imabwera kumadzi, njoka zolavula malovu m'maso zimasaka achule momwemo, ndipo zambiri zimatha kusambira. Njoka imene simukuidziwa musaigwire, ngakhale ikuoneka yofooka ndi chisanu cha m'mawa, chifukwa yozizidwa imachedwa kuthawa koma kuluma imaluma. Popita kudimba kapena kokaonjola miono kukadali mdima, tengani tochi, valani majombo ngati muli nawo. Munthu akalumidwa, musateme pabalapo, musayamwe, musamange chingwe mothinitsa. Mukhazikeni mtima pansi, chiwalo cholumidwacho chisagwedezekegwedezeke, ndipo muthamange naye kuchipatala.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOWULUTSA: Zonse takambazi zikudalira kuti madzi alipo. Nanga dambo likauma? Anthu a ku Zomba, Machinga ndi Phalombe funso limeneli salimva ngati nthano. Nyanja ya Chilwa, imene yazunguliridwa ndi madambo aakulu, inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ong'aluka. Madzi akachoka, njoka imataya zinthu ziwiri nthawi imodzi: chakudya, ndi pothawira dzuwa. Nthaka yakuda yopanda chomera imatentha kupitirira malire amene njoka ingapirire, ndipo kuyenda pamenepo masana ndi imfa.

Chimene njoka zimachita pa nthawi yotere chinaoneka bwino ku South Carolina, ku America komweko, pa dambo lotchedwa Ellenton Bay. Damboli lili m'dera la Savannah River Site, kumene akatswiri, pakati pawo a Whit Gibbons, akhala akuwerenga nyama zokwawa kwa zaka makumi angapo. Chilala chinaumitsa damboli kuyambira m'chaka cha 2000 mpaka 2003. Popeza akatswiriwo ankadziwa njoka zimene zinalimo chilala chisanafike, madzi atabwerera anatha kuona kuti yapulumuka ndi iti.

Njoka ya ululu ija, cottonmouth, siinavutike kwenikweni. Iyo inazolowera kale kuchoka m'dambo chaka ndi chaka kukagona chisanu kwina, ndiponso siisankha chakudya. Njoka za Nerodia ndizo zinaona zakuda. Ya mikwingwirima ija inachepa kwambiri, ndipo mtundu wina wobiriwira sunaonekenso pamalopo kwa zaka zingapo. Izi ndi njoka zimene moyo wake wonse wamangika pa madzi oonekera, ndipo zilibe luso lodikira.

Imene inadabwitsa ndi kanjoka kakang'ono, kakuda kumsana, kofiira kumimba, kosafika ngakhale theka la mita nthawi zambiri, kamene kankadziwika ndi dzina loti Seminatrix pygaea. Iko sikanathawe. Kanalowa pansi m'dambo momwemo, m'matope ndi m'mizu ya zomera, kumene dzuwa silifika ndipo chinyezi chimatsalako, n'kungokhala. Pamenepa m'pamene kusowa mbaula kuja kumasanduka mwayi, pakuti thupi likakhala pozizirirako ndipo silikuyenda, limadya mphamvu yochepa zedi, ndipo nyama yotere ikhoza kupirira nthawi imene khoswe kapena mbalame siingayerekeze n'komwe. Madzi atabwerera mu 2003, tinjokati tinatuluka, tinapeza dambo litadzaza ndi ana a achule ndi tinyama tina ta m'madzi, tinadya, ndipo tatikazi tinaswa ana m'nyengo yomweyo. Timene tinavutika kwambiri pa chilalacho ndi tatikazi tikulutikulu, timene thupi lake limafuna zambiri.

Nthawi yatithera, omvera. Ngati muli ndi funso pa zimene mwamva, kapena mukufuna kutiuza mayina amene kwanuko mumatchula njoka za kudambo, tilembereni, tidzawerenga makalata anu. Sabata yamawa tikamba za achule, ndi kumene amakhala miyezi yonse ya chilimwe mvula isanagwe. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)